Kodi PAYE ndi yachilungamo, nanga imafooketsadi anthu pantchito?

Nachisale analemba:

Akuluakulu odziwa za msonkho, ndithandizeni kumasula mkangano uwu wa PAYE, msonkho umene umadulidwa pa malipiro a olembedwa ntchito, chifukwa mwezi uliwonse anthu akalandira mapepala a malipiro umayambiranso. Ena akuti kukwezedwa pantchito kapena kugwira ovataimu n'kutaya nthawi, ati ukangolowa mu 30 peresenti MRA, bungwe lotolera misonkho, imakolola zonse zimene wawonjezera, mwina mpaka kupita kunyumba ndi ndalama zochepa kuposa kale. Ena akuti amene akufinyidwa kwenikweni ndi olandira zambiri, n'chifukwa chake akatswiri akuthawira kunja. Enanso akuti ayi, wofinyidwa ndi wolandira zochepa. Chenicheni n'chiti? Ndikufuna masamu ake, osati ndale. Ndipo ngati msonkhowu uli ndi kokondera, kukonderako kuli pati?

Mbewe wa Maakaunti analemba:

Mayi Nachisale, tiyambe ndi bodza lalikululo, loti munthu angakwezedwe malipiro n'kulandira zochepa chifukwa cha PAYE. Sizingatheke. Msonkhowu sudulidwa pa ndalama yonse ndi mlingo umodzi. Malipiro amadulidwa m'magawo, ndipo gawo lililonse lili ndi mlingo wake. Magawowa amasintha ndi bajeti, koma kawerengedwe kake n'komweko, ndiye tigwiritse ntchito amene anayamba mu April 2024. Pa mwezi, K150,000 yoyamba inalibe msonkho. K350,000 yotsatira, kufika pa K500,000, inkadulidwa 25 peresenti. Kuchoka pamenepo kufika pa K2,550,000 inali 30 peresenti, ndipo chilichonse chopitirira apo 35 peresenti.

Titenge munthu wa K480,000. Chotsani K150,000 yopanda msonkho, yatsala K330,000. Gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalamayi ndi K82,500. Ndiye msonkho wake. Atsala ndi K397,500 tisanachotse penshoni ndi ngongole.

Amukweze afike pa K540,000. Walowa mu 30 peresenti, inde, koma 30 peresentiyo ikugwira K40,000 yokha imene yadutsa K500,000. Msonkho wake tsopano ndi K87,500 ya gawo la 25 peresenti, kuwonjezerapo K12,000, zonse K99,500. Atsala ndi K440,500. Pa K60,000 imene amuwonjezera, msonkho watenga K17,000, iye watsala ndi K43,000. Ngati ali pa penshoni, 5 peresenti yake itenganso K3,000, koma imeneyo si msonkho, ndi ndalama yake yomwe imusungikira, ndipo bwana amaikapo 10 peresenti pamwamba.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti pali milingo iwiri. Wina ndi wa kwacha yomaliza imene mwapeza, wina ndi wa malipiro onse pamodzi. Wa K300,000 kwacha yake yomaliza imadulidwa 25 peresenti, koma msonkho wake wonse ndi K37,500, kutanthauza 12.5 peresenti ya malipiro. Wa K1,000,000 amapereka K237,500, pafupifupi 24 peresenti. Wa K5,000,000 amapereka K1,560,000, yomwe ndi 31 peresenti ndi pang'ono. Mukamakamba za chilungamo, yang'anani mlingo wa malipiro onse. Mukamakamba za khama, ngati munthu agwire ola lina kapena ayi, yang'anani mlingo wa kwacha yomaliza. Anthu ambiri amatenga mlingo wa kwacha yomaliza n'kuudandaula ngati wadya malipiro onse.

Za ovataimu. Lamulo la ntchito limati ola lowonjezera pa tsiku wamba lilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo pa tsiku lopuma kapena la tchuthi kawiri. Wa K520,000, tikatenga masiku 26 a maola 8, ola lake ndi K2,500. Ola la ovataimu ndi K3,750. Maola 20 ndi K75,000, msonkho K22,500, m'thumba K52,500, kutanthauza K2,625 pa ola. Ola lake lanthawi zonse, msonkho utachoka, limamupatsa pafupifupi K2,050. Ndiye ngakhale atadulidwa 30 peresenti, ola la ovataimu likumulipirabe bwino kuposa ola wamba.

Nanga n'chifukwa chiyani ena amalumbira kuti analandira zochepa atakwezedwa? Tsegulani pepala la malipirolo muwerenge mzere ndi mzere. Kawirikawiri mupeza chimodzi mwa izi: alawansi ina yagwa chifukwa giredi yatsopano ilibe ovataimu, ngongole ya ku SACCO kapena ku banki yayamba kudulidwa mwezi womwewo, kapena mwezi wapitawo munali ndalama za m'mbuyo zimene sizibweranso. Nthawi zina kalaliki wa malipiro walakwitsa, wagwiritsa ntchito magawo a chaka chatha. Zimenezo zimakonzedwa ku ofesi ya malipiro komweko.

Nasibeko analemba:

A Mbewe awerenga bwino, koma masamu olondola sakutanthauza kuti msonkhowo ndi wachilungamo. Kukondera kulipo, kungoti sikuli pamene anthu amaloza chala.

Koyamba kuli pakhomo polowera. Pa magawo a 2024 aja, munthu amachoka pa kusapereka chilichonse n'kugwera pa 25 peresenti nthawi imodzi. Wa K200,000, amene ndalama yake imathera lendi, ufa, minibasi ndi magetsi mwezi usanafike pakati, kwacha iliyonse yowonjezera amasiyapo 25 tambala. Wa K2,500,000 amasiyapo 30 tambala. Malipiro akusiyana kupitirira kakhumi, mlingo wa kwacha yomaliza ukusiyana ndi 5 yokha. Ndipo gawo la 30 peresenti linali lotambalala moti mphunzitsi wamkulu wa K600,000 ndi manejala wa K2,500,000 anali m'khola limodzi. Anzathu a ku Zambia mu 2024 gawo lawo loyamba lodulidwa linali pa 20 peresenti, lapamwamba pa 37. Makwerero awo ndi otsetsereka pang'ono poyambira.

Kwachiwiri, ndipo kumeneku n'kumene kumandipweteka kwambiri, ndi kukwera mitengo kwa zinthu. Gawo lopanda msonkho linakwezedwa kuchoka pa K45,000 kufika pa K100,000 mu 2020, ndipo linakhala pomwepo mpaka 2024. M'zaka zimenezo kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023. K100,000 ya mu 2020, dola ili cha m'ma K750, inali madola opitirira 130. K150,000 ya mu 2024, dola ili cha m'ma K1,750 ku banki, inali madola osafika 90. Pa pepala gawolo linakwera, pa msika linatsika.

Onani mmene zimagwirira. Munthu wa K400,000 amapereka K62,500, atsala ndi K337,500. Mitengo ikwere ndi 30 peresenti, pafupifupi monga zinalili mu 2024, ndipo bwana wachifundo amuwonjezerenso 30 peresenti kuti asabwerere m'mbuyo. Malipiro afika K520,000. Msonkho wafika K93,500, atsala ndi K426,500. Ndalama ya m'thumba yakwera ndi 26 peresenti yokha. Kuti agule zomwe ankagula kale amafunika K438,750, ndiye wapelewera K12,250 mwezi uliwonse. Msonkho wake wachoka pa 15.6 peresenti ya malipiro kufika pa 18 peresenti, chonsecho sanalemere ngakhale pang'ono, ndipo Nyumba ya Malamulo sinavote kuti amukwezere msonkho. Wakwera wokha mwakachetechete. Mankhwala ake ndi odziwika: lamulo linene kuti magawo onse azisuntha chaka chilichonse molingana ndi kukwera kwa mitengo kumene National Statistical Office imalengeza, osadikira kuti nduna ya zachuma idzapereke ngati mphatso pa tsiku la bajeti.

Ngakhale mphatsoyo ikabwera, muziyang'ana amene wadya chachikulu. Mu April 2024 magawo onse anasuntha ndi K50,000. Wa pa malipiro otsikitsitsa a K90,000 sanapindule kanthu, chifukwa sankapereka kale. Wa K120,000 anapindula K5,000. Wa K300,000 anapindula K12,500. Wa K1,000,000 anapindula K15,000, ndipo wa K5,000,000 anapindula K17,500. Kukweza gawo lopanda msonkho n'kofunika, koma si chida chothandizira osauka okha monga amachilengezera.

Kwachitatu ndi anthu a ntchito za nyengo, a m'mafakitale a fodya, m'minda ya tiyi ndi ya nzimbe. Wina agwire miyezi 5 pa K300,000, adulidwa K37,500 mwezi uliwonse, zonse K187,500. Pa chaka wapeza K1,500,000. Mnzake wolandira K125,000 miyezi yonse 12 wapezanso K1,500,000 koma sanadulidwe ngakhale tambala. Gawo lopanda msonkho pa chaka linali K1,800,000, ndiye onse awiri ali pansi pake. Msonkho wa munthu umayenera kuwerengedwa pa chaka, ndipo njira yake ndi kupereka retani, fomu yofotokoza zimene wapeza pa chaka, ku MRA n'kupempha kuti zochulukazo zibwezedwe. Koma wodula nzimbe angati ali ndi nambala ya msonkho ya TPIN, mapepala onse a malipiro, ndi nthawi yotsatira nkhaniyo?

Pali kenanso kakang'ono. PAYE imaona munthu payekha, siiona pakhomo. Banja limene bambo ndi mayi aliyense amalandira K300,000 limapereka K75,000. Banja limene mmodzi yekha amalandira K600,000 limapereka K117,500. Ndalama yolowa m'nyumba ndi yofanana, msonkho ukusiyana ndi K42,500. Pamenepa sindikudandaula kwambiri, chifukwa dongosolo lotere limalimbikitsa kuti wachiwiri m'banja, amene nthawi zambiri ndi mayi, alowenso ntchito. Koma PAYE siifunsa kuti malipiro amodziwo akudyetsa pakamwa pangati, ndipo kwathu kuno wolembedwa ntchito mmodzi amasenza fizi ya ana a mlongo wake, feteleza wa kumudzi ndi maliro.

Gondwe analemba:

Ndigwirizana ndi masamu a onse awiri, koma ndisiyana nawo pa funso la khama. Tisafulumire kunena kuti msonkho susintha khalidwe la anthu. Umasintha. Kungoti susintha maola amene namwino kapena dalaivala amagwira, chifukwa maolawo sasankha yekha, ndipo msonkho ukamuluma amafunafuna ntchito yowonjezera m'malo mopuma. Chimene msonkho umasintha ndi mtundu wa ndalama imene munthu amaithamangira, ndi dzina limene amaitcha.

Tengani K100 yowonjezera ya munthu wa mu 30 peresenti. PAYE itenga K30, penshoni K5, atsala ndi K65. Akagula katundu wokhala ndi VAT, imene m'chaka chomwe tikuwerengachi inali 16.5 peresenti, mkati mwa K65 muja muli VAT ya K9 ndi pang'ono. Katundu weniweni wagula wa K56. Tsopano muikeni munthu yemweyo patsogolo pa zinthu ziwiri: kulimbikira chaka chonse kuti akwezedwe ndi K60,000 n'kutsala ndi K39,000, kapena kupita ku msonkhano wa masiku atatu ku Mponela kapena ku Salima n'kubwerako ndi alawansi yosadulidwa. Alawansi ya ulendo cholinga chake n'kubweza zimene munthu wawononga pa chakudya ndi malo ogona, n'chifukwa chake siitengedwa ngati malipiro. Koma malipiro akakhala ochepa ndi odulidwa, alawansi n'kukhala yathunthu, anthu anzeru zawo amayamba kusaka maulendo, ndipo desiki imakhala yopanda munthu. Uku ndi kufooka kwa ntchito kwenikweni, ndipo msonkho uli ndi gawo lake pamenepo.

Chachiwiri ndi malire a pakati pa ntchito yolembedwa ndi ntchito ya pamanja. Makaniko wolembedwa pa galaja yolembetsedwa amadulidwa asanaione ndalama. Mnzake wokonza magalimoto pansi pa mtengo amalandira m'manja kapena pa foni, ndipo palibe amadula. Kwa bwana, kulemba munthu mwalamulo kumatanthauza malipiro, 10 peresenti ya penshoni, 1 peresenti ya TEVET yothandizira maphunziro a ntchito zamanja, ndi kutumiza PAYE ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, apo ayi chilango ndi chiwongoladzanja. Wa K500,000 amamutayitsa bwana K555,000, koma iye amapita kunyumba ndi K387,500. Mpata wa K167,500 umenewo ndi umene umachititsa awiriwa kumvana kuti "tingopatsana pamanja". Wantchito amaona ngati wapindula, mpaka tsiku lodzavulala kapena kukalamba lopanda penshoni.

Kwa olandira zambiri njira zake ndi zina. Galimoto ya kampani, nyumba, fizi ya ana, zonsezi zimakhomeredwa fringe benefit tax ya 30 peresenti, ndipo wolipira ndi kampani, osati munthuyo. Ena amasiya ntchito n'kubwerera pa desiki yomweyo ngati konsatanti wokhala ndi kampani yake. Pamenepa anthu amalakwitsa poganiza kuti mlingo ndi wotsika. Kampani imapereka 30 peresenti pa phindu, ndipo potulutsa phindulo ngati dividendi pamadulidwa 10 peresenti ina. Pa K100, yatsala K70, kenako K63. Msonkho wonse ndi K37, woposa 35 ya PAYE ya 2024. Phindu lagona pena: kampani imachotsa kaye mafuta, foni, lendi ya ofesi ndi kutha kwa galimoto isanawerenge msonkho, pamene wa PAYE amalipira minibasi yopitira kuntchito ndi ndalama yodulidwa kale.

Za mlingo wapamwamba, dziko lathu layesapo. Mu 2021 kunabwera 40 peresenti pa malipiro opitirira K6 miliyoni pa mwezi, ndipo mu 2023 inachotsedwa. Ku Britain anaika 50 peresenti mu 2010 n'kuitsitsa pa 45 mu 2013. Chimene chinaoneka kumeneko si mabwana kusiya kupita kuntchito. Ambiri anafulumiza kulandira ma dividendi ndi mabonasi mlingowo usanayambe, ndipo ena anachedwetsa mpaka utatsika. Wolemera ali ndi mphamvu yosankha nthawi ndi dzina la ndalama yake. Mphunzitsi alibe.

Koma zoti madokotala ndi anamwino akupita kunja chifukwa cha PAYE, ayi. Ku South Africa mlingo wapamwamba ndi 45 peresenti, ku Britain 45 peresenti, kuposa wathu. Akutsata malipiro aakulu, ndalama yosagwa mphamvu ndi zipangizo zogwirira ntchito.

Nachisale analemba:

Zikomo nonse, zamveka. Ziwiri zatsala. Munthu wa ntchito ziwiri, kapena wolembedwa amene amagwiranso maganyu a uphungu, amadulidwa bwanji? Ndipo a Gondwe, ngati magawo akubweretsa zonsezi, bwanji osangoika mlingo umodzi kwa aliyense, mkangano uthe?

Mbewe wa Maakaunti analemba:

Pa ntchito ziwiri, mayi, gawo lopanda msonkho ndi la munthu, si la ntchito. Mumalipeza kamodzi. Vuto limabwera mabwana awiriwo akamadula aliyense ngati ndi yekha. Wina akulipirani K300,000 n'kudula K37,500. Wina akulipirani K200,000 n'kudula K12,500. Zonse K50,000. Koma ndalama yanu pa mwezi ndi K500,000, ndipo msonkho wake ndi K87,500. Mukutsala ndi ngongole ya K37,500 mwezi uliwonse, K450,000 pa chaka, imene simukuidziwa mpaka MRA idzaphatikize mapepala a mabwana awiriwo pa dzina lanu. Chochita: dziwitsani bwana wachiwiri molemba kuti muli ndi malipiro ena, funsani ku ofesi ya MRA mmene adulire, ndipo ngati sizinakonzedwe, muziika padera kusiyanako mwezi ndi mwezi kuti podzapereka retani musadzagulitse katundu.

Pa maganyu a uphungu, wokulipiraniyo amadula withholding tax, imene pa malipiro a mtundu umenewu ndi 20 peresenti. Anthu amalakwitsa pawiri. Ena amaganiza kuti 20 peresentiyo yatseka nkhani. Siinatseke, ndi chikole chabe. Ngati malipiro anu a pamwezi akukuikani kale mu 30 peresenti, ganyu ya K1,000,000 msonkho wake ungafike K300,000, ndipo mwapereka K200,000 yokha. Ena amalakwitsa mbali inayo, osachotsa zimene anawononga. Ngati pa ganyuyo munawononga K350,000 ya mafuta, malo ogona ndi kusindikiza, ndipo malisiti alipo, phindu ndi K650,000, msonkho K195,000, ndiye mwapereka kale zopitirira ndi K5,000. Chofunika kwambiri ndi satifiketi ya withholding tax. Itengeni kwa wokulipiraniyo nthawi yomweyo, muone kuti TPIN yanu yalembedwa molondola. Popanda iyo, K200,000 ija simungaitsimikize, ndipo pali olipira ena amadula koma osatumiza.

Bonasi ndi ndalama za m'mbuyo zikabwera mwezi umodzi zimaoneka ngati zadulidwa mwankhanza, chifukwa zimakwera pamwamba pa malipiro a mweziwo n'kugwera zonse mu mlingo wapamwamba. Wa K450,000 akalandira bonasi ya K450,000, K50,000 yoyamba idulidwa 25 peresenti, K400,000 yotsalayo 30 peresenti, zonse K132,500. Tikawerenga pa chaka, wapeza K5,850,000, pansi pa K6,000,000 pomwe 30 peresenti imayambira, ndiye bonasi yonse imayenera kukhala pa 25 peresenti, K112,500. Kusiyana kwa K20,000 kumeneko n'koyenera kukufunsa ku ofesi ya malipiro chaka cha msonkho chisanatsekedwe.

Gondwe analemba:

Mlingo umodzi umamveka bwino pokamba, ndipo mayiko ena ali nawo, Estonia ndi chitsanzo chodziwika kuyambira 1994. Koma funsani kuti mlingowo ukhale pati. Boma likafuna kutolera ndalama yomwe limatolera kale, mlingo umodziwo uyenera kugwera penapake pakati pa wotsika ndi wokwera. Tinene 30 peresenti pa chilichonse chopitirira K150,000. Wa K300,000 achoka pa K37,500 kufika pa K45,000. Wa K500,000 achoka pa K87,500 kufika pa K105,000. Wa K5,000,000 achoka pa K1,560,000 kutsika pa K1,455,000. Wapansi wawonjezeredwa, wapamwamba wachotseredwa K105,000 pa mwezi. Mukachotsanso gawo lopanda msonkho kuti "aliyense apereke mofanana", mlonda wa K90,000 ayamba kudulidwa pa ndalama yosakwana ngakhale chakudya cha mwezi.

Chifukwa chokhalira ndi magawo n'chosavuta. K10,000 yochotsedwa kwa wa K200,000 ndi ndiwo za masiku angapo. K10,000 yochotsedwa kwa wa K5,000,000 saimva n'komwe. Kupereka mofanana pa nambala si kumva ululu mofanana. Komanso kumbukirani kuti VAT, msonkho wa pa mafuta ndi wa pa mayunitsi a foni sizifunsa malipiro a munthu. Wolandira zochepa amawononga ndalama yake yonse, wolandira zambiri amasungako ina, ndiye misonkho ya pogula imaluma kwambiri wapansi. Magawo a PAYE ndi amene amabwezako pang'ono mbali inayo.

Ndipo mlingo umodzi suthetsa mavuto amene ndatchula aja. Makaniko wa pansi pa mtengo sangalembetse chifukwa mwasintha 35 kukhala 30. Kwa amalonda ang'onoang'ono kuli kale msonkho wongoyerekeza, wa mabizinesi ogulitsa zosapitirira K12.5 miliyoni pa chaka, wolipira ndalama yokhazikika popanda mabuku ovuta. Njira ndi yoteroyo: kulembetsa kukhale kosavuta ndi kotchipa kuposa kubisala.

Nasibeko analemba:

Ndiwonjezere pa mfundo ya a Gondwe, chifukwa apa m'pamene pagona nkhani. Anthu a PAYE ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi onse amene amapeza ndalama m'dziko muno. Amadulidwa chifukwa ndi osavuta kuwapeza, osati chifukwa ndi amene ali ndi zambiri. Mwini nyumba 6 za lendi ku Area 49 kapena ku Chirimba, amene alendi ake amamulipira pamanja, angapeze kuposa mphunzitsi katatu osapereka kanthu pa ndalamayo, ngakhale lamulo limati lendi ndi phindu lokhomeredwa msonkho. Chimodzimodzi wogula ndi kugulitsa soya ndi chimanga mochuluka wopanda mabuku, kapena mwini maminibasi angapo. Anthu awiri opeza mofanana, wina akudulidwa 24 peresenti, wina osadulidwa. Kukondera kumeneku n'kwakukulu kuposa kusiyana kwa 30 ndi 35, ndipo boma likasowa ndalama limabwereranso kwa omwe aja, chifukwa ndi amene ali pa mndandanda.

Msonkho wokhudzana ndi ntchito si nkhani yatsopano kuno. Nthawi ya atsamunda, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, msonkho wa nyumba unkatsitsidwa kwa munthu amene wagwira ntchito mwezi umodzi kwa mzungu. Unali msonkho wokankhira anthu ku maesiteti. Ndiye Amalawi akamakayikira cholinga cha msonkho, kukayikirako kuli ndi mizu. Cashgate ya 2013 inathirirapo madzi. Munthu wodulidwa K237,500 pa mwezi amene akulipiranso sukulu yapulaiveti, kugula yekha mankhwala amene chipatala chaboma chamulembera, ndi kulemba mlonda usiku, amamva ngati walipira kawiri. Kufooka kwa mtima kumeneko sikuoneka m'masamu a a Mbewe, koma n'kumene kumamupangitsa kuvomera bwana akati tipatsane pamanja.

Zikanakhala kwa ine, ndikanayamba ndi izi. Magawo azisuntha okha chaka ndi chaka. Pakhale gawo lenileni la 10 kapena 15 peresenti pamwamba pa lopanda msonkho, lotambalala ndithu, osati ngati la 15 peresenti lija lisanafike 2020 limene linali la K5,000 yokha. Gawo la 30 peresenti la 2024 lija liduke pawiri kuti wa K600,000 asakhale pamodzi ndi wa K2,500,000. Ndalama yotayika pamenepo ifunidwe pa lendi ndi malonda akuluakulu osalembetsa, pogwiritsa ntchito zimene makhonsolo a mizinda, ofesi ya malo ndi ya zamagalimoto ali nazo kale m'mabuku awo. Ndipo antchito a nyengo azibwezeredwa zochuluka kudzera kwa bwana pa malipiro omaliza, m'malo mowatumiza ku Msonkho House, likulu la MRA, ndi mafomu.

Mbewe wa Maakaunti analemba:

Pa gawo la 15 peresentilo, a Nasibeko, tiike mtengo wake poyera kuti okambirana adziwe chimene akupempha. Likanakhala kuyambira K150,000 kufika K300,000, aliyense wolandira K300,000 kapena kuposa akanapepukidwa K15,000 pa mwezi, wa K200,000 akanapepukidwa K5,000, ndipo kwacha yake yowonjezera ikanamutsalira 85 tambala m'malo mwa 75. Koma K15,000 yomweyo ikanapitanso kwa wa K5,000,000. Kuti isapite kumeneko, poyambira 35 peresenti payenera kutsitsidwa ndi K300,000, kuchoka pa K2,550,000 kufika pa K2,250,000. Kusiyana kwa 5 peresenti pa K300,000 ndi K15,000 ndendende, ndiye wolandira K2,550,000 kapena kuposa akhala pomwe analiri, ndipo kupepukako kutsalira a pansi ndi a pakati.

Mayi Nachisale, kwa amene akukana kukwezedwa kuofesi kwanuko, muwauze kuti pa magawo a 2024 aja, ngati malipiro atsopanowo ali mu gawo la 30 peresenti, awatenge, achotse K500,000, achulukitse chotsalacho ndi 0.3, awonjezere K87,500, kenako ayerekeze ndi msonkho wa pa pepala lawo la mwezi watha. Ngati bajeti yasintha magawo, atenge atsopano pa tsamba la MRA n'kuwerenga chimodzimodzi, gawo ndi gawo.